Kachirombo Kosintha Maonekedwe Ngati Birimankhwe: Chifuwa cha Ana Athu ndi Nkhani ya Adenovirus

Mwezi wa Juni ukafika, mphepo yozizira n'kuyamba kuwomba kuchokera cha kunyanja ya Chilwa, mzere wa amayi obereka ana pa chipatala cha Ntaja umatalika. Ana ambiri amakhala akutsokomola, mamina ali chuchuchu, thupi likutentha. Magazi akayezedwa, kawirikawiri malungo sapezeka, ndipo tonse timangogwirizana kuti ndi chimfine. Zoonadi, ana ochuluka amachira pakatha sabata imodzi n'kubwerera kukasewera ndi anzawo. Koma alipo ena omwe chimfine chomwecho chimawatsikira m'mapapo n'kusanduka chibayo, ndipo ulendo umakathera ku chipatala chachikulu cha boma la Machinga ku Liwonde, makolo atagwira mtima m'manja.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2019 chibayo chinapha ana oposa 740,000 osakwana zaka 5. Choncho funso lakuti n'chifukwa chiyani chimfine chimangodutsa mwa mwana wina koma n'kugwetsa mnzake si la akatswiri okha ayi, koma la kholo lililonse. Mbali ina ya yankho lake ndi yakuti chimfine sichimodzi. Pali mavairasi ambirimbiri amene amachiyambitsa, ndipo ena mwa iwo amasintha chibadwa chawo zaka zikamapita. Lero tikufuna tilingalire za gulu limodzi la mavairasi otere, lotchedwa adenovirus, chifukwa mbiri yake ikutiphunzitsa kumene matenda atsopano amachokera, ndiponso chimene chili m'manja mwathu ife a kumudzi.

Kachirombo kameneka n'kotani?

Adenovirus anadziwika koyamba m'chaka cha 1953 ku America, pamene Wallace Rowe ndi anzake ankapima timinofu ta kuseri kwa mphuno tomwe madokotala anachotsa mwa ana. Timinofu timeneti pa Chingerezi amati adenoids, ndipo dzina la kachiromboka linachokera pamenepo. Chaka chotsatira, katswiri wina dzina lake Maurice Hilleman anapeza kachirombo ka gulu lomweli mwa asilikali ongolembedwa kumene omwe ankadwala chifuwa mwaunyinji m'misasa yawo. Kuyambira nthawi imeneyo, mitundu ya adenovirus yogwira anthu yomwe yalembedwa yapitirira 100, ndipo akatswiri anaiika m'mabanja 7.

Mtundu uliwonse uli ndi malo ake omwe umakonda m'thupi. Mitundu 3, 4, 7 ndi 14 imakonda kukhosi ndi m'mapapo. Mitundu 40 ndi 41 imatsegula ana m'mimba. Mitundu 8 ndi 37 imafiiritsa maso, ndipo ambiri tikukumbukira mmene matenda a maso ofiira anasautsira anthu m'chaka cha 2024 atayambira ku Karonga. Matenda otere amabwera ndi mavairasi angapo, ndipo adenovirus ndi mmodzi mwa odziwika kwambiri. Kachiromboka kalibe nyengo yake, kamapezeka chaka chonse. Kamafala kudzera m'malovu a munthu wotsokomola, m'manja osasamba, m'chimbudzi ndi m'madzi osatetezedwa. Ndi kolimba zedi, moti kangathe kukhala kamoyo masabata angapo pa chitseko, pa desiki ya kusukulu kapena pa kapu yomwera madzi. Mwana amene wachira amapitirizabe kukatulutsa m'chimbudzi kwa masabata ambiri.

Kuti timvetse kusintha kwake, tiyenera kudziwa mapangidwe ake. M'kati mwa kachiromboka muli ulusi wautali wotchedwa DNA, umene umasunga malangizo onse a chibadwa chake, ndipo uli ndi zilembo pafupifupi 36,000. Kunja kwake kuli chikamba cha mbali 20, ndipo pa ngodya 12 za chikambacho pamatuluka timinga tokhala ndi mutu kunsonga. Timinga timeneti tili ngati kiyi wotsegulira zitseko za m'thupi: ndito timathandiza kusankha ngati kachiromboka kalowe m'maso, m'mapapo kapena m'matumbo. Chikamba chija ndiye nkhope yake. Asilikali a m'thupi mwathu amakazindikira poona chikambacho, ndipo akakumana nako kamodzi sakaiwala. N'chifukwa chake munthu wamkulu, amene anadwalapo mitundu yambiri ali mwana, sagwa nako kawirikawiri.

Mmene mitundu iwiri imaberekera wachitatu

Mlimi aliyense wa kwa Kawinga kapena kwa Liwonde amadziwa chimene chimachitika akadzala chimanga cha makolo moyandikana ndi cha haibulidi. Mphepo imanyamula mungu kuchoka ku ngayaye za munda uno kupita ku ndevu za munda winawo, ndipo mbewu yotuluka pamenepo imakhala itatengako uku ndi uku. Adenovirus amachitanso zofanana ndi zimenezi, ngakhale kuti iye alibe mungu. Munda wake ndi thupi la munthu. Mitundu iwiri ya banja limodzi ikalowa mwa munthu mmodzi pa nthawi imodzi, n'kukumana m'kachigawo kamodzi kakang'onong'ono ka thupi lake, ulusi wa DNA wa mtundu uno ndi wa mtundu uja umayandikana pamene ukuchulukana. Popeza ulusiwo ndi wofanana m'malo ambiri, umatha kuduka ndi kulumikizana mosinthana. Chotuluka pamenepo ndi kachirombo katsopano, kokhala ndi thupi la wina ndi nkhope ya wina.

Chitsanzo chodziwika bwino chinachitika ku China m'chaka cha 2006. Pa sukulu ina ya sekondale m'chigawo cha Shaanxi ophunzira oposa 200 anadwala chifuwa ndi kutentha thupi, ndipo mmodzi anamwalira. Poyamba akatswiri ataona chikamba cha kachiromboka anati ndi mtundu 11, umene umadziwika ndi matenda a impso ndi chikhodzodzo. Koma atawerenga DNA yake yonse anapeza kuti pafupifupi ulusi wonse unali wa mtundu 14, wa m'mapapo uja, ndipo kachigawo ka chikamba kokha ndiko kanali ka mtundu 11. Kachirombo ka m'mapapo kanali katavala nkhope ya mnzake imene matupi a achinyamata ambiri sanaionepo. Kenaka anakapatsa dzina lakuti mtundu 55, ndipo kuyambira pamenepo kakhala kakubuka m'misasa ya asilikali ndi m'zipatala ku China ndi ku South Korea, n'kumagwetsa ndi chibayo ngakhale anyamata amphamvu zawo.

Zoterezi sizinathere pomwepo. Kumayambiriro kwa chaka cha 2023, zipatala za ana mumzinda wa Kolkata ku India zinadzaza ndi ana obanika, ndipo ena anamwalira. Akatswiri a kumeneko anapeza kachirombo kosakanizika kochokera ku mitundu 3 ndi 7. Mtundu 4, womwe wasautsa asilikali kwa zaka zambiri, DNA yake imaonetsa kuti mbali yaikulu inachokera ku adenovirus wa anyani a mtundu wa chimpanzi. Ngakhale mitundu yakale payokha ili ndi ululu wake: m'chaka cha 2018 mtundu 7 unapha ana 11 pa nyumba ina yosamalirako ana odwalika ku Wanaque, m'chigawo cha New Jersey ku America.

Tikaunika nkhani zonsezi tiona chinthu chimodzi chikubwerezabwereza. Malo amene matendawa amabuka mwamphamvu ndi sukulu, msasa wa asilikali, chipinda cha odwala, nyumba yosungirako ana. Onsewa ndi malo amene anthu ambiri amagona, kudya ndi kupuma mpweya umodzi mothithikana. Pamene anthu athithikana, mitundu yosiyana ya kachiromboka imakumana mosavuta. Pamene thupi lafooka, kachiromboka kamakhalitsa, ndipo kakakhalitsa mwayi wokumana ndi mnzake umakula.

Kodi ife a ku Ntaja zikutikhudza bwanji?

Wina anganene kuti China ndi India n'kutali. Koma akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Zinthu zitatu zimene zimathandiza kachiromboka kufala ndi kusintha zilipo pakati pathu.

Choyamba ndi kuthithikana. M'makalasi a sitandade 1 ndi 2 m'sukulu zambiri za m'maboma a Machinga ndi Balaka ana amakhala pansi mapewa atagundana. M'nyumba zogona ophunzira a sekondale, m'ndende, m'maminibasi a pa msewu wa Liwonde, ndiponso m'misasa ya zinamwali m'miyezi yozizira, anthu amapumirana. Tikukumbukiranso mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anasiya anthu oposa 600,000 opanda pogona m'chigawo cha kummwera, kuphatikizapo boma la Machinga, ndipo mabanja ambiri anagona m'makalasi kwa masabata, akugwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi ndi ndowa imodzi. Namondwe wina akadzabwera, zoterezi zidzachitikanso.

Chachiwiri ndi kufooka kwa matupi. Mwana woperewera zakudya, mwana amene wangodwala chikuku, ndi munthu amene chitetezo chake chatsika chifukwa cha HIV, onsewa amavutika kuchotsa kachiromboka m'thupi. Si mwangozi kuti mitundu ingapo yatsopano ya adenovirus yomwe inalembedwa m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 inapezeka koyamba mwa odwala Edzi, pa nthawi imene mankhwala amphamvu otalikitsa moyo anali asanabwere. Mfundo imeneyi isakhale chifukwa chosalira wina aliyense. Ikungotiuza kuti munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika, chitetezo chake n'kubwerera, akudziteteza yekha komanso akuteteza mudzi. Dziko lathu lakhala likupereka mankhwalawa mwaulere kuyambira 2004, ndipo muli anthu pafupifupi 1 miliyoni okhala ndi HIV. N'chifukwa chake kuchepa kwa thandizo la zaumoyo lochokera ku America, kumene kunayamba m'chaka cha 2025, ndi nkhani yokhudzanso chifuwa cha ana athu.

Chachitatu ndi maulendo. Msika wa Ntaja umakumanitsa anthu ochokera ku Nayuchi, ku Chiponde, kunyanja ya Chiuta ndi kutsidya ku Mozambique. Anyamata athu ambiri amapita ndi kubwera ku Joni. Kachirombo sikaonetsa chiphaso pa chipata. Tinaziona mu Febuluwale 2022, pamene boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo: akatswiri atawerenga chibadwa cha kachiromboko anapeza kuti kholo lake linali ku Pakistan.

Tisakokomeze. Adenovirus si amene akutsogola pa zoyambitsa chibayo cha ana. Kafukufuku wamkulu wotchedwa PERCH, yemwe anachitika m'mayiko 7 kuphatikizapo Zambia ndi South Africa ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anaonetsa kuti mwa ana 100 alionse opanda HIV ogonekedwa ndi chibayo chachikulu, pafupifupi 61 anadwala chifukwa cha mavairasi, ndipo wotsogola anali wina wotchedwa RSV. Kuno kwathu, kafukufuku wa bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, pakati pa 2011 ndi 2014, anapeza adenovirus pakati pa mavairasi opezeka mwa ana obanika. Chimene chimamuchititsa kukhala woopsa n'chakuti akalusa amalusa zedi: thupi limatentha masiku ambiri, ndipo ana ena amene apulumuka amatsala ndi zipsera m'mapapo, n'kumabanika ndi kutsokomola moyo wawo wonse.

Kachirombo komweko kanasanduka mtumiki

Ambiri a ife tinakumanapo kale ndi adenovirus m'njira ina osadziwa. Katemera wa Covid-19 wa AstraZeneca, amene anafika m'dziko muno pa 5 Malichi 2021, anapangidwa pogwiritsa ntchito adenovirus wa chimpanzi, ndipo wa Johnson & Johnson anagwiritsa ntchito mtundu 26 wa anthu. Akatswiri anachotsa m'kachiromboka kachigawo ka DNA kamene kamakathandiza kuberekana, n'kuikamo uthenga wophunzitsa thupi kuzindikira kachirombo ka korona. Chotsalacho chinali ngati envulopu yonyamula kalata: imafika, kalata n'kuwerengedwa, koma envulopuyo singabereke inzake. Anasankha mitundu yosowa imeneyi chifukwa mtundu 5, womwe ankaugwiritsa ntchito kale, matupi a anthu ambiri a mu Africa anaudziwa kale, ndipo akanang'amba envulopuyo kalata isanawerengedwe.

Zimenezi sizinafotokozedwe mokwanira m'midzi, ndipo mphekesera zinathamanga kuposa choonadi. Anthu anachita mantha, katemera anakhalitsa m'mafiriji, ndipo mu Meyi 2021 boma linatentha katemera 19,610 yemwe masiku ake anali atatha. Phunziro lake ndi lakuti pamene anthu sanauzidwe zoona m'chinenero chawo, wina amabwera n'kuwauza zabodza m'chinenero chomwecho.

Zimene dziko liyenera kuchita

Katemera woteteza ku adenovirus weniweniyo alipo wa mitundu 4 ndi 7 yokha, ndipo amaperekedwa kwa asilikali a ku America basi. Mbiri yake ili ndi chenjezo. Anayamba kuperekedwa mu 1971 ndipo matenda anatsika. Kampani yopanga katemerayu itasiya mu 1996, wotsala anatha mu 1999, ndipo matenda anabwereranso m'misasa mpaka asilikali ena kumwalira. Atayambiranso mu 2011, matenda anatsikanso kwambiri. Madzi saiwala khwawa: matenda amene tawagonjetsa amabwerera tikangotayirira. Izi zikukhudza akatemera amene ana athu amalandira kusikelo, monga wa chibayo amene dziko lino linayamba kupereka mu Novembala 2011, ndi wa chikuku. Akatemerawa sagwira adenovirus, koma amatseka zitseko zina zimene chibayo chimalowera, ndipo amateteza mwana kuti asafooke.

Popeza palibe katemera wa anthu wamba, komanso palibe mankhwala apafupi ophera kachiromboka, chimene chimapulumutsa mwana wobanika ndi mpweya wa okosijeni ndi chisamaliro cha anamwino. Dziko lathu lili ndi mbiri yabwino pa zimenezi: makina othandiza makanda kupuma otchedwa Pumani anapangidwa mogwirizana ndi madokotala a pa Queen Elizabeth ndi akatswiri a ku Rice University ku America, ndipo anafalikira m'zipatala za m'maboma. Chofunika n'chakuti makina otere akhale amoyo, magetsi ake asamazime, ndipo ambulansi ikhale ndi mafuta. Pamene aphungu athu ndi makhansala akukambirana za ndalama zachitukuko, tiwafunse za zimenezi.

Chinanso ndi maso a dziko. Zipatala zazing'ono sizinapangidwe kuti zizitha kusiyanitsa mtundu 7 ndi mtundu 55. Ntchito imeneyo imafuna makina owerenga DNA. Nthawi ya Covid-19 akatswiri a ku Blantyre ndi ku Lilongwe anaonetsa kuti angathe kuwerenga chibadwa cha mavairasi konkuno, ndipo anali akatswiri a ku Botswana ndi South Africa amene anachenjeza dziko lonse za mtundu wa Omicron mu Novembala 2021. Luso limeneli lisafe chifukwa chakuti mliri unatha. Bungwe la Public Health Institute of Malawi ndi sukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences ziyenera kupatsidwa ndalama za boma lathu zoti zizipima mavairasi a chifuwa nthawi zonse, kuchokera m'maboma ngati Machinga, osati m'mizinda mokha. Koma makina a ku Blantyre sangaone kanthu ngati mphunzitsi wamkulu kapena nyakwawa sananene kuti ana ambiri adwala pamodzi.

Zimene zili m'manja mwathu

Palibe kholo limene lingaone kachirombo kakusintha chibadwa. Chimene kholo lingaone ndi kapumidwe ka mwana, ndipo chimenecho n'chokwanira kupulumutsa moyo. Mwana akakhala ndi chifuwa, timuvule malaya ali phee, tiwerenge kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu pa wotchi kapena pa foni. Khanda losakwana miyezi 2 likamapuma ka 60 kapena kupitirira, mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kupitirira, ndi mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akamapuma ka 40 kapena kupitirira, chimenecho chingakhale chibayo, ndipo aonedwe tsiku lomwelo ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi kapena kuchipatala. Ngati pansi pa nthiti pakulowa m'kati pamene akukoka mpweya, ngati akukanika kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, akukomoka kapena walefuka osadzuka, tisadikire kuti kuche.

Tisamagule mankhwala a makapusozi pa msika kapena pa okala kuti timwetse mwana wa chimfine. Amoxicillin ndi Bactrim amapha mabakiteriya, sapha mavairasi, ndipo kumwa mwachisawawa kumangophunzitsa mabakiteriya kupirira mankhwalawo. Koma wachipatala akapereka amoxicillin kwa mwana wopuma mothamanga, timumwetse mpaka atathe, chifukwa mabakiteriya amakonda kulowa m'mapapo amene vairasi wayamba wawavulaza, ndipo ndi maso okha sitingasiyanitse.

M'makomo, m'sukulu ndi pa misonkhano, tisambe m'manja ndi sopo pa madzi othira, osati m'beseni limodzi. Popeza kachiromboka n'kolimba, madzi a klorini ndiwo amakapha bwino pa matebulo, pa zitseko ndi m'zimbudzi. Titsegule mazenera m'makalasi ndi m'nyumba zogona ophunzira ngakhale kukuzizira. Mwana wotentha thupi kapena wofiira maso akhale kunyumba, ndipo asabwerekane nsalu yopukutira kumaso ndi abale ake. Khanda liyamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba, ndipo lisakhale pa msana m'khitchini yodzaza utsi.

Inu akatekisiti, atsogoleri a miphakati ndi a m'makomiti oyendera odwala, mumalowa m'nyumba zimene dokotala sadzafikamo, ndipo mawu anu anthu amawamva. Phunzirani manambala atatu aja, 60, 50 ndi 40, ndipo muwaphunzitse kwa amayi, abambo ndi agogo omwe amatsala ndi ana. Mukamva kuti pa sukulu, pa msasa kapena m'mudzi ana ambiri adwala chifuwa nthawi imodzi, dziwitsani mlangizi wa zaumoyo msanga. Ndipo banja likasowa ndalama ya kabaza usiku, mudzi usonkhe, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kachiromboka kadzapitiriza kusintha nkhope monga kakhala kakuchitira, koma mwana wobanika amapuma mothamanga chimodzimodzi, kaya wagwidwa ndi mtundu wakale kapena watsopano, ndipo amene amafika kuchipatala tsiku loyamba ndiye amakhala ndi mwayi waukulu wobwerera kwawo.